Ndinkafuna wailesi, ndathyola dashibodi

 Sabata ino andale apume kaye. Ndikudziwa kuti ena mwagula nyuzi ino kuti mumve amene ndimukalipire lero, koma pepani abale anga, wofunika kukalipiridwa lero ndine mwini wake.

Amene mumandidziwa mukukadziwanso kagalimoto kanga ka Sienta, kaja kamafika m'bandakucha Lachiwiri ndi Lachisanu katakhalira matako pansi ndi matumba a mbatata ya kachewere ya ku Lizulu ndi ku Tsangano. Kanabwera monga amabwerera anzake onse: zaka zake zokoma kanadyera ku Japan, kenaka kanakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, n'kudzalowera pa Songwe. Injini yake sinandinyozetsepo. Chimene chinkandinyansa n'chimodzi basi, wailesi.

Paja mawailesi a m'magalimoto akale a ku Japan amayambira pa 76 n'kulekeza pa 90, pomwe kwathu kuno FM imayambira cha pa 88 mpaka pa 108. Ndiye ukapotokola kabatani, ukangofika pa 90 kabwerera m'mbuyo, nyumba zambiri zoulutsira mawu zatsalira kutsidya. Ulendo wonse wochoka ku Limbe mpaka ku Ntcheu munthu n'kumangomvera kulira kwa matayala. Ndinapirira zaka ziwiri. Tsiku lina geni itayenda bwino ndinakagula wailesi ina, yogwira zonse, yolowa ndi kafulashi komwe.

Linali Loweruka, tsiku la Bullets ndi Wanderers. Mlamu wanga anali pakhomo.

"Alamu, pitani nayo kwa anyamata a mawaya aja akakuikireni," anatero.

"Alamu," ndinayankha ine, "ndalama ya ndowa yathunthu ya mbatata ndikapatse munthu chifukwa chomasula masikulu anayi? Manjawa ndi a chiyani?"

Ndinatenga sikuludiraiva yanga yaikulu, ija ndimatsegulira makreti, n'kuilowetsa m'mphepete mwa chipulasitiki chimene chimazungulira wailesi. Ngodya yoyamba inati tho! Ndinamuyang'ana mlamu uja monyadira. Yachiwiri, tho! Yachitatu inakana. Ndinati mwamuna wamkulu ine sindingakanidwe ndi pulasitiki, ndipo ndinatsamira ndi mphamvu zija ndimakwezera thumba pamwamba pa galimoto.

Phwaa!

Mng'alu kuchokera pakona mpaka pa timazenera totulukira mphepo. Timiyendo titatu ta kuseri tinathyoka, kamodzi kanagwera m'kati mwa dashibodi ndipo mpaka lero sikanaoneke. Poyang'anitsitsa ndinapeza kuti panali kasikulu kamodzi kobisika m'munsi, kamene ine sindinakaone. Ndinkalimbana ndi chinthu chomangidwa. Mlamu uja sananene kanthu, anangoyamba kuimba mluzu uku akuyang'ana mumtengo wa mapeyala. Mpira uja tinakaumvera pa foni. Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu.

Mwaseka, sekani ndithu. Koma chimene ndinachita pambuyo pake n'chimene ambiri a inu mukanachitanso. Ndinatuma mwana ku okala kukagula supa guluu tiwiri. Ndinathira mumng'alu monse, n'kugwira mpaka zala zanga zinamatirira pomwepo. Kutacha, malo onse ozungulira mng'alu uja anali atayera mbuu ngati mwana wosadzola mafuta mu Julaye. Ndinati bola chagwira. Lachiwiri lake ndisanafike n'komwe pa Zalewa, dzenje limodzi la mumsewu linamasula zonse. Kuyambira pamenepo dashibodi inayamba kuimba: tekete-tekete pa phula, gwedegwede pa fumbi. Ndinapanikiza ndi kapepala kopinda, kenaka kachidutswa ka katoni, kenaka chitsekerero cha botolo. Dashibodi inasanduka dzala.

Zonsezi ndikanazipirira chifukwa mbatata sizidandaula za phokoso. Koma mwana wanga wachisamba wasankhidwa kupita ku koleji, ndipo ine ndi mayi akunyumba tinagwirizana kuti kagalimotoko kagulitsidwe, tilipire fizi, yotsalayo ilowe mu mpamba, katundu ndizisonkherana lole ndi anzanga monga kale. Wogula anapezeka, mnyamata wa matakisi. Anamvetsera injini, anagwada kuona pansi, anagwedeza mutu kuvomereza. Atangokhala pampando n'kuona zoyera zija, makatoni ndi chitsekerero, nkhope inasintha.

"Bwana, galimoto iyi inagundapo."

Ndinalumbira mpaka kutchula malemu agogo anga kuti sinagundepo, ndine ndinathyola ndi manja angawa. Iye anangomwetulira, n'kutsitsa mtengo ndi ndalama yoti ndikanaoda matumba khumi a mbatata. Ndinapsa mtima, koma usiku nditagona ndinadzifunsa: kodi ineyo ndimatani ndikaona phwetekere mmodzi wophwanyika pamwamba pa dengu? Sindimunenerera mlimi kuti dengu lonse ndi lowola? Inu amayi a tomato, mumaika uti pamwamba pa mulu? Wogula galimoto naye maso ake amakhala pa dashibodi ulendo wonse. Za m'kati mwa injini amangokhulupirira, koma za padashibodi amaziona.

Ndinayamba ndafunsa chatsopano m'masitolo a masipeya. Ambiri analibe, ndipo amene anati angaitanitse anatchula mtengo woti ndinafunsa kawiri ngati akunena chipulasitiki chokha kapena ndi chiwongolero chomwe. Musawadzudzule kwambiri: kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chowoloka nyanja chinamera mapiko.

Ndiye ndinalowera ku Ndirande, kumene chinthu sichifa. Anandilozera kwa mkulu wina wa imvi amene amakonza mabampa ndi mapulasitiki a magalimoto pansi pa kashedi ka malata. Ndinamupatsa chipulasitiki chija. Sanayang'ane n'komwe mng'alu. Anachitembenuza, n'kupukuta fumbi kuseri ndi chala.

"Achimwene, munawerenga apa musanathire guluu wanuyu?"

"Pali zowerenga, Madala?"

Analoza timalemba tating'ono totukuka papulasitikipo: >PP-TD20<. Zaka zonsezi ndimayendetsa galimoto osadziwa kuti mapulasitiki ambiri a m'galimoto ali ndi dzina la mtundu wawo lodindidwa kuseri. Safunsa anadya phula. Tsono mverani zimene ndinaphunzira tsiku limenelo, pakuti ine ndinazilipira modula, inu mukuzipeza pa mtengo wa nyuzi.

Mitundu imene mudzakumane nayo kawirikawiri ndi iwiri. Woyamba ndi PP. Umenewu ndi mtundu umodzi ndi mabeseni ndi ndowa zambiri zimene anzathu amagulitsa mumsikamu, zija pansi pake pali nambala 5 m'kati mwa timivi titatu. Zilembo zowonjezera zija, TD20, zikungotanthauza kuti anasakanizamo ufa wa mwala wofewa, magawo 20 pa 100 alionse, kuti ikhale yolimbirapo. Khungu la PP ndi loterera ngati lopakidwa sera, ndipo guluu wamba sagwirapo. Amangokhala pamwamba ngati madzi pa tsamba la koko. N'chifukwa chake wanga uja analekera pa Zalewa. Aliyense amene anayesapo kumata ndowa yosweka ndi supa guluu akudziwa chimene ndikunena.

Mankhwala a PP ndi moto. Madala aja anayamba apala guluu wanga yense uku akung'ung'udza. Kenaka anaboola kabowo kakang'ono kwambiri pothera penipeni pa mng'alu, akuti kuti mng'aluwo usapitirire ulendo. Anagwirizanitsa mbali ziwirizo bwinobwino, n'kumata tepi kumaso kwake kuti zisasunthe. Ntchito yonse anaigwirira kuseri. Anatenga kachitsulo kamagetsi kaja okonza mawailesi amasungunulira mtovu, n'kukumba kangalande motsatira mng'alu. Anadula kachidutswa ka waya wa sefa, n'kukamiza m'pulasitiki yofewayo mopingasa mng'alu, kuti kakhale ngati nthiti. Pamwamba pake anasungunulirapo timizere todula ku bampa yakale ya mtundu womwewo wa PP. Apa anatsindika: PP imalumikizana ndi PP inzake basi, mukasakaniza mitundu zimaoneka ngati zagwira koma zikazizira zimasiyana. Timiyendo tothyoka tija anatiumbanso chimodzimodzi, kawaya m'kati, pulasitiki pamwamba, n'kupala ndi sandipepa mpaka tinafanana ndi tinzake. Utsi wake ndi woipa, n'chifukwa chake amagwirira pamtetete. Musakayese m'chipinda chogona muli ana.

Mtundu wachiwiri ndi ABS, umene umapezeka kwambiri pa tizidutswa tolimba, tonyezimira kapena topakidwa penti. Umenewu ndi wofatsa, guluu amaumvera. Ngati zilembo sizikuoneka, pemphani kwa amayi mankhwala ochotsera kyutekisi, amene ali ndi acetone, mudonthezere pang'ono kuseri kumene sikuoneka. Pakayamba kunata, ndi ABS. Pakangouma osasintha kanthu, ndi PP kapena m'bale wake. Madala aja ali ndi kabotolo kagalasi mmene amasungunuliramo zidutswa za ABS mu acetone mpaka zikhale ngati phala, ndipo phala limenelo ndilo amamatira ABS inzake. Likauma chimakhala chinthu chimodzi.

Nanga zija anyamata amachita, zothira soda wophikira therere pa supa guluu? Madala anati zimathandiza pa kamwendo kakang'ono ka ABS, chifukwa zimauma nthawi yomweyo n'kukhala gwa ngati mwala. Koma mwala supindika. Pamalo pogwedezeka tsiku ndi tsiku zimadzathetheka, ndipo pa PP ndi kutaya soda.

Ndinafunsa chifukwa chimene chinathyokera msanga chotero, poti ine ndimati pulasitiki imapindika. Anaseka. Galimoto imeneyi yatha zaka zoposa khumi ndi zisanu, ndipo theka la zaka zimenezo yakhala pa dzuwa la kuno. Mu Okutobala, galimoto ikaima pamtetete mawindo ali otseka, pamwamba pa dashibodi pamatentha kupitirira madigiri 70. Inu amene mumaoda ku Nchalo ndi ku Nsanje mukudziwa kuti pena chiwongolero chimakanika kugwira. Dzuwa limeneli limaumitsa pulasitiki pang'onopang'ono mpaka imasanduka ngati chikhokho cha nsima. Ndipo ikazizidwa imaumiratu, choncho m'mawa wa mu Juni si nthawi yokanula chilichonse. Dikirani dzuwa liifunditse kaye.

Za kamasulidwe anandiuza mwachidule, mwina poona kuti manyazi andikwanira kale. Yambani mwafufuza masikulu onse, ena amabisala pansi pa timatileyi ndi kuseri kwa timabatani. Chitsulo ayi, pali tizipangizo tapulasitiki tokanulira, ndipo ngati mulibe, chigwiriro cha mswachi wakale chopalidwa kuti chikhale chaphanthiphanthi chimagwira ntchito. Kanulani pafupi ndi pamene pali kilipi, kokerani kwa inu molunjika, osapotoza. Pakakana, pali chifukwa, lekani mufufuze. Chikamasuka musachikoke ngati mukuzula chinangwa, kuseri kuli mawaya a mabatani ofunika kuwamasula ndi chala. Pobwezera, kansalu kopyapyala pamene mapulasitiki awiri akukhudzana kamathetsa tekete-tekete uja kuposa makatoni anga onse.

Ngati chanu chaphwanyika moti sichingawotchereredwe, pitani kwa ophwasula magalimoto, kuno ku Ndirande kapena ku Biwi kwa inu a ku Lilongwe. Koma nyamulani chakalecho. Kuseri kuja kulinso nambala ya chipangizo, ndipo galimoto za dzina limodzi zimasiyana malinga ndi chaka. Onetsetsaninso kuti chachokera m'galimoto ya chiwongolero cha kumanja monga zathu, za ku Japan, Britain kapena South Africa. Cha m'galimoto ya chiwongolero cha kumanzere chikhoza kufanana ndi chanu ngati mapasa koma osalowa. Ndipo werengani timiyendo musanapereke ndalama, poti nachonso chinamasulidwa ndi munthu wa sikuludiraiva ngati ine.

Nkhani ikanathera pamenepa. Koma tili m'kati mobwezera chipulasitiki chija m'galimoto, Madala anaima, n'kuloza mbali ya dashibodi imene ili kutsogolo kwa mpando wa wokwera.

"Ichi anamata ndani?"

Kanali kamphika kadothi ka maluwa apulasitiki, kamene mayi akunyumba anagula kwa anzawo a ziwiya. Anakamata ndi guluu wamphamvu chaka chatha kuti kasamagwe m'mabampu, ndipo pambali pake anamataponso kabotolo ka perefyumu. Ine ndinayamikira nthawi imeneyo, galimoto inkaoneka ya pabanja.

"Werenganinso apa, achimwene. Inu vuto lanu ndi kusawerenga."

Pansi pa kamphikako panali mawu odindidwa: SRS AIRBAG.

Abale anga, apa ndiye nthabwala zithe kaye. Pansi pa malo amenewo pali thumba lopindidwa, ndipo kuseri kwa thumbalo kuli kachitini ka mankhwala ophulika. Galimoto ikagunda mwamphamvu, thumbalo limafufuma mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Pulasitiki ya pamenepo anaipanga dala yopyapyala m'mizere ina kuti ing'ambike thumba lituluke. Chilichonse chimene mwaika pamwamba pake, kaya kamphika, kaya foni, kaya kachikwangwani ka vesi, chimauluka ngati mwala wa legeni kulunjika kumaso kwa wokhala pampandowo. Ndipo amakhala pampandowo ndani? Mayi akunyumba, mzime wathu wa zaka zinayi ali pamiyendo. Ulendo uliwonse wa kumudzi takhala tikuyenda choncho, mwana akuseweretsa maluwa omwewo. Ndinamva miyendo kuzizira.

Madala anati pulasitiki ina iliyonse m'galimoto akhoza kuiwotcherera, koma ya pa airbag ndi ya pakati pa chiwongolero sakhudza, ngakhale mutamulipira kawiri. Mukaimata kapena kuiikira waya, mwina thumba lidzakanika kutuluka, mwina lidzatulukira pena ndi zidutswa zakuthwa. Ikang'aluka pamenepo, n'kusintha basi. Anatinso mukaona mawaya kapena zolumikizira zachikasu kuseri kwa dashibodi, zimenezo ndi za airbag, chotsani manja. Wogwira ntchito pafupi nazo amayamba wazimitsa galimoto, kumasula waya wa negetivi ku batire, n'kudikira masekondi osachepera 90 kuti magetsi otsalira athe. Ine tsiku la mpira lija ndinkapisa chitsulo m'menemo kiyi ali pa ON kuti ndizimva ngati wailesi yayaka.

Apa ndi pamene ndinamvetsa mnyamata wa matakisi uja, ndipo ndinasiya kumukwiyira. Alipo anthu opanda chisoni amene amagula galimoto yochita ngozi, airbag itaphulika kale, n'kulongamo nsanza, kumata chivundikiro, kupaka penti, n'kugulitsa ngati yabwinobwino. Iye ataona guluu pa dashibodi yanga anaganiza zimenezo. Inunso pogula galimoto chitani chimodzimodzi. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane kanyale ka airbag. Kayenera kuyaka, kukhala masekondi ochepa, n'kuzima kokha. Kakayakiratu osazima, pali vuto. Kakapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anakachotsa dala kuti kasaulule.

Ndipo poti tafika pa nkhani imeneyi, inu a galimoto zakale zochokera kunja kumbukirani za Takata, kampani ya ku Japan imene inkapangira airbag makampani ambiri a magalimoto. Ma airbag ake ena anali ndi ammonium nitrate, mankhwala omwe amapezekanso mu feteleza wa CAN. Atakhala zaka m'malo otentha ndi a chinyontho, mankhwalawo ankawonongeka, ndipo pophulika ankaswa kachitini kaja n'kumwaza zitsulo. Anthu oposa 20 anafa, magalimoto mamiliyoni ambiri anaitanidwa kuti akasinthidwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Galimoto imene inachoka ku Japan kalata yoitana isanafike, kalatayo sinaitsatire pa Songwe. Lembani nambala ya chasisi, mukafunse kwa ogulitsa ovomerezeka a mtundu wa galimoto yanu ngati ili m'gulu limenelo.

Kamphika kaja Madala anakachotsa ndi ulusi wa nayiloni, kucheka guluu pang'onopang'ono kuti pulasitiki isavulale. Ntchito yonse, kuwotcherera, timiyendo titatu, makilipi atsopano ndi kulumikiza bwino wailesi imene ine ndinasiya mawaya ali lendelende, anandilipiritsa ndalama yosakwana thumba limodzi la mbatata. Kumaso kwa chipulasitiki kwatsala kamzere kongaoneka ukakayang'anitsitsa. Anandiletsanso kupaka mafuta ophikira kapena polishi wapansi monga amachitira anyamata ena otsuka magalimoto: zimakoka fumbi, ndipo kunyezimirako kumabwerera pa galasi n'kukuthobwa m'maso dzuwa likapendeka. Kansalu konyowa n'kokwanira, ndipo poimika galimoto, katoni pa galasi lakutsogolo. Makatoni ndiye sitisowa mumsika muno.

Kunyumba nkhondo inalipo. Mayi anafunsa kuti maluwa awo alakwa chiyani, ndipo ngati pali wina amene sakuwafuna m'galimotomo ndingonena. Ndinawatengera panja, ndinawawerengetsa zilembo zija, n'kufotokoza zonse monga anandifotokozera Madala. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye bambo ake, chaka chonsechi inu simunkadziwa? Si inu mumati za galimoto mumazidziwa?" Kamphika kali pa kabati tsopano, ndipo mzime amakhala kumbuyo, akulira asalire.

Mnyamata wa matakisi uja ndamuitananso Lolemba likudzali. Ndidzamuonetsa kuseri kwa chipulasitiki kuti aone yekha chimene chinakonzedwa, ndidzamupatsa kiyi kuti aone kanyale kakuyaka n'kuzima, ndipo matumba khumi aja abwerere pamtengo, apo ayi fizi ya mwana ndikaisaka kwa wogula wina. Koma mnzanga wa anyezi amene munabwereka sikuludiraiva yanga yaikulu sabata yatha, musavutike n'kubweza.